Mwini Wodwalayu Ndani

Lachiwiri, 13 Sepitembala 1988

Tabwerako ku chipatala cha mishoni, ine Mailosi ndi mkazi wanga Ebelesi. Dzina limeneli ndimangolemba. Pakamwa ndi aNankhoma, zaka makumi anayi ndi ziwiri tsopano.

Ndilembe bwino, chimodzichimodzi. Sukulu sindinapondeko. Malembo ndi a m'kalasi ya ubatizo, dzanja lozolowera khasu. Koma pa mlandu wa imfa ya mwana wathu Gideon anandifunsa masiku, ndinasowa poyankha. Ulendo uno masiku akhale m'buku.

Chitsa chinawabaya pokumba mtedza, mwezi wa Meyi. Phazi lamanzere. Kachilonda ngati diso la nkhuku. Sikanapole. Tsopano zala ziwiri zada bii, makala enieni. Ku kiliniki ya pa boma anati ndi shuga, natipatsa kalata ya ku mishoni.

Dokotala anayang'ana, anakanikiza, anafunsa ngati akumva. Sakumva. Analankhula Chizungu, bambo wina wa malaya oyera akutanthauzira. Phazi lichoke, apa pa kakolo. Likachoka msanga mayi ayenda ndi ndodo, akhala zaka. Likachedwa, kuola kukwera. Kenaka bamboyo anatulutsa pepala ndi kabokosi ka inki.

"Mwini wodwalayu ndani?"

Ndinayankha zoona. Mwini wake kulibe, ali tsidya la malire, ku Mozambiki. A Fulansisi, mlongo wawo, mwini mbumba.

"Ndiye kawatengeni, madala. Popanda mwini sitidula. Musachedwe."

Ebelesi chete, maso pa phazi. M'basi chete. Pa njinga, kuchokera pa msewu mpaka kuno ku Mlolo, mawu awa okha: "Muzipewa maenje, aMbewe, simunanyamule thumba la chimanga."

Lachinayi, 15 Sepitembala

Ndatuma a Manase, amene amawoloka malire ndi mchere pa njinga. Njira za m'tchire amazidziwa. Ati kutsidyako nkhondo yakula, midzi ikupsa, koma ayesa. Uthenga ndawabwerezera katatu: mlongo wanu phazi laola, achipatala akufuna chala chanu pa pepala, bwerani.

A Fulansisi anapita kumeneko kalekale, kutsata mkazi. Nawonso mkamwini kwa eni ake, monga ine pano. Koma kuno akangotsokomola, mbumba yonse imva.

Fainesi, mng'ono wa Ebelesi, wabwera ndi masamba osinja. Wati ndachita bwino. "Alamu, mwakula tsopano. Kale lija munali ndi phuma."

Kale lija. Ndilembe, poti palibe amene ndinamufotokozerapo bwinobwino.

Gideon, mwana wathu woyamba. Zaka zinayi. Pakhosi panatupa, kupuma ngati mluzu. Chaka cha 1951. A Fulansisi anali ku dimba, pafupi pomwepa, munthu wothamanga akadawapeza. Sindinawadikire. Ndinam'bereka ndi nsalu ya amake, njinga yobwereka, mpaka ku chipatala. Anam'baya jakisoni. Dzuwa lisanapendeke mwana watisiya. Ndinabwera naye kumsana komweko, timiyendo tikugunda m'nthiti mwanga pa maenje.

Maliro anakhala masiku awiri osaikidwa. Anakupatsa mwanayu ndani. Unauza yani. Anayamba kudwala tsiku lanji. Ndinapereka mbuzi. Mbuzi si kanthu. Mawu aja a Fulansisi ndiwo, pamaso pa anthu onse: "Mkamwini asamakule mwendo. Iwe kuno unadzabereka, sunadzalamule."

Kuyambira pamenepo mwana akangotentha thupi ndinkayamba ndauza kuchikazi, n'kudikira mawu. Ana ena atatu anapita ali aang'ono, onse nditauza. Palibe anandiimba mlandu. Watsala Judith yekha.

Lachitatu, 21 Sepitembala

Kutentha kwayamba. Chitsime chapafupi chauma, madzi ndi kudambo.

M'mawa ndi madzulo nditsuka chilonda ndi madzi amchere ofunda, monga anatiuza ku kiliniki. Fainesi akabwera amata masamba ake. Akachoka ndichotsa. Akabwera amatanso. Phazi limodzi, asing'anga awiri.

Ebelesi pa mphasa pakhonde, kusenda mtedza wa mbewu. Manja ali bwinobwino, liwiro lomwe lija. Ndikakhala pafupi kuthandiza, ati wopita m'kamwa ukuchuluka kuposa wopita m'lichero. Zoona pang'ono.

Chala chachitatu chayamba kuda.

Ndinawafunsa ngati chikupweteka. "Chikadapweteka bwenzi ndikudziwa kuti n'changa."

Ndinati mwina tibwerere ku mishoni tikawachonderere. "Dikirani alongo anga. Changu mwachiyamba liti, inu amene mumasaka khasu mvula itagwa kale?"

Ndaseka. Kenaka ndapita kuseri kwa nkhokwe, ndakhalako nthawi.

Lolemba, 26 Sepitembala

A Manase sanabwere.

Ndapita pa mphambano kwa a Wadson, amene amasoka nsapato. Mwendo wawo unatsala ku migodi kalekale. Ndinapita ndi nsapato yosang'ambika kwenikweni, kuti ndipeze poyambira. Anandizindikira. Anakwinya buluku, anandionetsa chitsa cha mwendowo, chosalala ngati bondo la mwana. Ati chaka choyamba ankafuna kufa. Chachiwiri anakwatira. Ati mvula ikamabwera, zala zimene kulibe zimayabwa, ndiye amadziwa nyengo kuposa wailesi.

Ndinabwerera mtima uli pamalo pang'ono. Ndinawafotokozera Ebelesi zonse, ndi za wailesi zomwe.

"Mwamuna wa mwendo umodzi amatungiridwa madzi. Nanga mkazi?"

Ndinati ndizitunga ine.

"Theka limathera m'njira."

Sanafunsenso kanthu za a Wadson.

Lachinayi, 29 Sepitembala

A Manase abwera. Masabata awiri. Njinga anawalanda, abwera wapansi, mapazi otupa.

Mudzi wa kuchikazi kwa a Fulansisi anaupeza. Phulusa. Nkhokwe zopanda madenga, agalu owonda. Munthu ayi. Mayi wina amene anakumana naye pa mtsinje ati anthu a pamenepo ena anathawira ku Malawi, ena kuno, ena sakudziwa. Nkhalamba yaitali yotsimphina, yonga a Fulansisi, anaiona mwezi wa Juni. Yamoyo. Juni.

Ndilibe chowabwezera a Manase pa njinga yawo. Ndawapatsa nkhuku, akana.

Ndafunsa Fainesi, poti mwini mbumba sakuoneka, wotsatira ndani. Wati akadakhala kuti amwalira bwenzi tikusankha wina, koma munthu wamoyo salowedwa m'malo. "Mukufuna tiwalire ali moyo?"

Nanga iyeyo sangadinde, pokhala m'bale wa bere limodzi? "Akafera pa mpeni chala chikhale changa? Ayi, alamu."

Aliyense akubisa chala chake. Inenso.

Lamulungu, 2 Okutobala

Ku tchalitchi ndapita ndekha. Mkulu wa mpingo watchula dzina lawo m'pemphero. Masana amayi a chigwirizano abwera kudzaimba. Anayamba atakhala pakhonde. Pofika nyimbo yachiwiri anali atasendera pansi pa mango, mmodzimmodzi, ngati akutsata mthunzi. Si mthunzi.

Ebelesi anaona. Atachoka anati, "Mawa mundigoneke kumene mphepo ikupita, anthu asamavutike."

Ntchentche. Ndikhala ndi kanthambi m'manja tsiku lonse. Munda sindinasose.

Fungolo ine sindikulimvanso. Kapena ndikunama.

Loweruka, 8 Okutobala

Judith wafika kuchokera ku Chipata, kumene amagulitsa zovala zakale za salaula pa msika. Kalata yanga inachedwa m'njira. Atavundukula nsalu ya pa phazi anatuluka, anasanza kuseri kwa nyumba, anabwerera maso ali psu.

Wandikalipira ngati mwana, mwana wanga yemwe. "Atate, mwezi wathunthu? Mukudikira amalume amene sanatumizepo ngakhale sopo chichokereni?" Ndinati si ine, ndi achipatala eni ake anati popanda mwini sadula. Wati ndiye akawauza kuti amalume anafa.

Fainesi anamva. Mawu anakula, anthu anaima m'mipanda. Sindilemba zonse. Ndilemba chimodzi, chimene Fainesi ananena akuyang'ana ine: "Ena akufuna mkulu wanga akhale ngakhale chibenthu, bola azipuma, kuti iwo asachoke pa munda."

Ndinalowa m'nyumba.

N'zoona, Ebelesi akapita, pakatha miyezi adzandisudzula. Ndi mwambo. Adzati zikomo aMbewe, tengani nkhwangwa yanu ndi bulangete, kwanu n'kuja. Kwathu ku Zemba amene ankandidziwa ali kumanda onse. Mango awa ndinabzala ndine. Njerwa za nyumba iyi ndinaumba ndine. Zimenezi ndaziganizapo, sindikana. Koma kodi n'zimene ndikutsukira chilonda m'mawa ndi madzulo? Ndadzifunsa mpaka mutu kuwawa. Yankho loyera silikupezeka.

Ebelesi kwa Judith, mawu ofooka: "Usakangane ndi amayi ako aang'ono. Tidikire amalume ako sabata ina."

Judith wabwerera kukasaka galimoto. Amake pa njinga sangathenso kukhala.

Lachiwiri, 11 Okutobala

Ganizo loipa landibwerera pobwera kudambo. Ndipite ku mishoni, ndivale jekete lina, ndiziyenda motsimphina, ndinene kuti Fulansisi Nkhoma ndine. Nkhalamba zimafanana. Ndani angadziwe?

Ndatula ndowa, ndayesa kutsimphina m'njira, masitepe khumi. Ine, wobatizidwa, wodya mgonero. Mayi wina wotola nkhuni wandifunsa ngati ndabayidwa ndi minga.

Sindingathe. Bambo wa malaya oyera uja anandiyang'ana kumaso. Ndipo akadzafera pa mpeniwo, dzina la mwini nditaba, mlandu wake udzaposa wa Gideon.

Ebelesi masana agona kwambiri. Mtedza watsala theka la dengu osasenda. Sanaufunse.

Lachisanu, 14 Okutobala

Ndinamva kuti othawa nkhondo atsopano afika kufupi ndi boma. Ndapalasa m'mamawa. Anthu pansi pa mitengo, mitolo, miphika, ana osalira n'komwe. Ndayenda mtengo ndi mtengo. Fulansisi Nkhoma, wamtali, wotsimphina, dzino lakutsogolo lothyoka. Wina ati kulibe. Wina ati aliko Fulansisi, wandiperekeza, ndapeza munthu wamfupi wa ndevu zakuda. Wandipempha fodya.

Ndinaima pamenepo n'kumaganiza. Munthu amene anandivula pa maliro a mwana wanga, lero ndikumufuna ngati mvula.

Pa boma magalimoto a chipani, zokuzira mawu, za chisankho cha pa 26. Inde kapena ayi kwa pulezidenti. Wina wandifunsa khadi ya chipani pa chipata cha msika. Ndinali nayo.

Pobwera tayala laphulika, ndakankha njira yonse. Kuda kwadutsa kakolo. Pamwamba pake pofiira, potentha, kukwera ku katumba. Lolemba ndinaika chizindikiro ndi khala pamene kuda kunalekeza. Lero chizindikirocho chamira, kuda kwapitirira zala zitatu.

Phala supuni zinayi. Yachisanu akana.

Lachitatu, 19 Okutobala

Ku mishoni. Judith anabwera dzulo ndi kagalimoto ka munthu wa mpingo wawo. Ebelesi anakana, Judith sanafunse, anangowanyamula ndi mphasa yomwe. Fainesi anakwera nawo, ati aone ndi maso ake.

Dokotala yemwe uja. Anavundukula phazi. Anayang'ana khadi, anayang'ana ine. Tsopano si pa kakolo. Pamwamba pa bondo. Ndiponso mtima wafooka, mankhwala ogonetsa aja mwina adzuka, mwina ayi. Akapanda kudula, masabata awiri, atatu.

Wotanthauzira lero ndi nesi wachikulire, a Theresa, Mchewa mnzathu. Anandifunsa kuti tinachedwa kuti. Ndinafotokoza zonse, a Manase, phulusa, othawa nkhondo. Anandisiya ndimalize. Kenaka anakhala pa benchi pambali panga, mawu pansipansi.

"Atate, kuno tikati mwini wodwala tinena amene wabwera naye, wom'dikirira. Inuyo. Ngakhale iwo eni akadadinda, pepala likadayenda tsiku lomwelo."

Ndinati abwereze. Anabwereza.

Masabata asanu. Mwini ndinali ine, nditaima pomwepo, chipewa m'manja, kabokosi ka inki kali apa.

Sindinalire. Ndinapita ku mpope, ndinatsegula madzi, ndinaiwala chimene ndinadzera. Munthu wina anadzatseka.

Lachinayi, 20 Okutobala

M'mawa, Judith ndi Fainesi atapita kophikira odikirira, ndinagwada pambali pa bedi. Ndinawauza. Ndinati ndakuphani ndine, ndi umbuli wanga, liwu limodzi lokha. Ndinati lero ndidinda, a Fulansisi adzandiimbe mlandu umene afuna, mbuzi kapena ng'ombe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Maso ali bwino, mutu uli bwino, izi ndilembe poyera.

"Dzukani, aMbewe, mukudetsa buluku. Ine tsiku lija ndinamva bwinobwino zimene ankafunsa. Amayi anga ndinawadikirira muno miyezi iwiri, akati mwini wodwala ndinkaimirira ndine. Inu mutayankha za alongo anga, ndinati Mulungu wandithandiza."

Ndinafunsa chifukwa.

"Ndinabwera ndi miyendo iwiri, ndipita nayo iwiri. Muzindinyamula kupita kuchimbudzi inu, amene thumba la fetereza mumaligawa pawiri? Ndizikhala pakhonde ngati mtondo wong'aluka, anthu azindizungulira? Ndakana. Zaka zonsezi mumafunsa alongo anga, mumafunsa Fainesi, mumafunsa mpingo. Ine simunandifunsepo. Lero ndayankha osafunsidwa."

Ndinati ndamva.

"Nenani kuti simudinda."

Ndinanena.

Tsopano sindikudziwa. Kaya n'zoona anamva tsiku lija, kaya angofuna kunditula katundu. Ebelesi amatha zonse ziwiri. Chaka cha njala ankati adya kale, mbale yonse n'kusiyira ine ndi mwana.

Lamulungu, 23 Okutobala

A Theresa abwera ndi pepala kawiri. Kawiri konse Ebelesi abisa dzanja m'bulangete. Dokotala ati munthu wa mutu wake sakakamizidwa.

Judith kulira, kupemphera mokweza monga amachitira ku mpingo wawo, mpaka odwala ena kudandaula. Amake amuuza kuti Mulungu si gonthi. Fainesi wakhala phee, wapambana osamenya. Koma ndinam'peza ku mpope akulira yekha, nkhope m'chitenje. Sanandione. Kapena anandiona.

Ebelesi andiuza za mbewu. Mtedza uli m'thumba la pa mtanda, ndisabzale ndi mvula yoyamba, imanama. Thadzi loyera ndipatse a Manase, akane asakane. Diresi la buluu la chikwati cha Judith lili pansi pa bokosi, n'limene avale. Ndimangoti inde, inde.

Mitambo kum'mawa. Munda uli chomwecho, mapesi ali chiimire.

Ndapempha tibwerere, akatsikire m'nyumba mwawo. Galimoto mpaka Lachinayi.

Lachiwiri, 25 Okutobala

Thupi moto kuyambira dzulo masana. Sakundidziwa. Anditcha alongo. Aitana Gideon, ati alowe m'nyumba kukubwera mvula.

Dokotala wandiitanira m'kachipinda, a Theresa pakati pathu. Ati tsopano mayi sangathe kudzinenera. Mawu atsala kwa ine. Mawa m'mawa, apo ayi basi. Lachinayi la galimoto mwina sadzalifika. Akadula, mwayi ulipo, wochepa.

Ndinati anakana ali bwino. A Theresa anatanthauzira. Dokotala anagwedeza mutu, ati akudziwa, n'chifukwa chake sakundikakamiza. Pepala analisiya pa tebulo.

Judith: "Atate, mukawasiya, ine ndilibenso bambo."

Fainesi: "Munalonjeza. Anandiuza okha."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri ndinkafuna wina andiuze kuti mawu ndi ako, Mailosi. Lero andiuza.

Ndili mnyamata ndinathamanga, mwana anafa. Ndakalamba ndadikira, mwendo waola. Njira yachitatu sindikuiona.

Ndakhala pansi pa mtengo kuseri kwa wodi. Chala ichi ndikuchiyang'ana. Chikhadabo chong'aluka, chipsera cha chikwakwa. Chala cha khasu chabe.

Lachitatu, 26 Okutobala

Ndadinda.

Sindinapemphere, sindinafunse munthu. M'mawa ndinawamva akupuma, mluzu womwe uja wa Gideon. Miyendo inanditengera yokha ku kachipinda. A Theresa anagwira dzanja langa, kuligudubuza pa inki, kenaka pa pepala. Kanthu kochepa. Ngati kupha nsabwe.

Anawalowetsa dzuwa likukwera, anawatulutsa litapendeka. Akupuma. Bulangete mbali ya kumanzere laphwa kuyambira pa ntchafu.

 Fainesi wamanga mtolo wake, wakhala nawo pa miyendo.

Antchito a pano akubwera kuchokera kovota, zala zodetsedwa ngati changa. Ndasamba ndi sopo, ndi mchenga, ndi mwala. Sikuchoka.

Lachisanu, 28 Okutobala

Anatsegula maso dzulo. Lero mutu wabwerera, kutentha kwatsika.

Dzanja lawo linayenda pa bulangete, kutsika, kutsika, mpaka pamene palibe kanthu. Linakhala pamenepo. Sanalire.

"Anadinda ndani?"

Judith anati ndi iye. Ati atate anakana, ine ndinachonderera achipatala.

"Onetsa chala."

Choyera.

"AMbewe, tulutsani dzanja m'thumba."

Ndinatulutsa. Judith msangamsanga, imeneyo ndi inki ya chisankho amama, dzana anthu amavota.

"Voti ya ku Mlolo anaponyera muno m'wodi?"

Mayi wa bedi loyandikana anaseka, kenaka anadzigwira pakamwa.

Ebelesi anagwira chala changa, anachitembenuza uku ndi uku, monga amayang'anira mbewu ngati yafumbwa. Anachisiya. Anatembenukira kukhoma.

Madzi ndikawapatsa ine, milomo yotseka. Kapu yomweyo akapereka Judith, amwa.

Lolemba, 31 Okutobala

Dokotala wasangalala. Bala lili bwino, ati pakatha masabata atatu tipita kwathu, ndodo ziwiri adzatipatsa. Wandigwira dzanja. Akhala moyo. N'zimene ndinkafuna. Ndilembenso kuti ndizione: n'zimene ndinkafuna.

Fainesi anapita Loweruka. Zimene akanene kumudzi ndikuzidziwa.

Ebelesi masiku atatu osandilankhula. Akafuna kanthu, "Judith, uwauze bambo ako asunthe, akutchinga mphepo." Ine ndili pomwepo, mkono umodzi kuchokera pa bedi.

Lero m'mawa, Judith ali ku mpope, anatembenuka. Anayang'ana ine ndithu, osati khoma.

"Poti mwini ndinu, katengeni mwendo wanuwo. Muukulunge bwino, mukauike kumanda kwathu, pafupi ndi amayi. Ndikadzapita ndikaupeze. Chimenechi chokha musalakwitse."

Ndinati chabwino. Ndinathamanga, ine, kuthamanga kwenikweni. A Theresa ananditumiza kwa bambo wosesa ku chipinda cha opaleshoni. Anandiyang'ana ngati ndapenga, kenaka anamva chisoni. Anandilozera kuseri, kang'anjo ka njerwa, chumuni chakuda. Ati zotere sizigona. Anawotcha Lachitatu lomwelo.

Ndafika pa kang'anjoko. Phulusa losakanikirana, timabotolo tosweka, zingwe za mabandeji. Ndatapa pang'ono m'chipewa. Kenaka ndakhuthula pomwepo. Sindikudziwa ndi la yani.

Dzuwa lafika pamutu. Judith watuluka kawiri, ati amama akufunsa ngati mwaupeza. Ndamuuza ndikubwera.

Ndikalowa ndinene kuti mwendowo ndapereka kwa a basi, wapita kale ku Mlolo. Adzandiyang'ana kumaso. Kapena ndinene zoona, ndiyambe ndi kuti aNankhoma, ndinapita ndithu, koma